Chigoba cha LED ndi kamakina ka microcurrent: zimene ndaona pankhope yanga patatha miyezi 7

Zipangizo ziwirizi zinandipeza mu Epulo, msuweni wanga wa ku Leeds atabwera kudzaona makolo. Ndalama ndinkamutumizira ndekha pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero abambo akunyumba amadziwa theka chabe la mtengo wake. Chimodzi ndi chigoba chofewa cha silikoni chokhala ndi timagetsi ta LED mkati mwake. China ndi kamakina kokwana m'dzanja, kokhala ndi timipira tiwiri tachitsulo kumutu, kamene amati microcurrent chifukwa kamatumiza magetsi ochepa kwambiri pakhungu. Ndili ndi zaka 43, ndimakhala ku Blantyre, khungu langa ndi lakuda bwino, la mafuta pamphumi ndi pamphuno, ndipo chiphuphu chilichonse chikapola chimandisiyira banga lakuda lokhala miyezi. Ndadikira mpaka Novembala kuti ndilembe chifukwa ndemanga zambiri zimene ndinawerenga ndisanagule zinali za anthu amene angotsegula katoni dzulo lake, ndipo ambiri mwa iwo anali azungu.

Chigoba ndachipatsa nyenyezi 4. Kamakina ndakapatsa 2, ndipo yachiwiriyo ndi ya chifundo.

Tsiku loyamba ndinavala chigobacho magetsi atazima, ndili chogona pampando wapabalaza. Mwana wanga wamng'ono analowa ndi tochi, n'kuona nkhope yofiira piriwiri mumdima, ndipo anakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Chiyambire tsikulo chipangizochi pakhomo pano chimatchedwa chilombo. "Amayi avala chilombo, musawalankhule." Ndipo n'zoona, mphindi 10 zimenezo ndi zokhazo pa tsiku zimene palibe amandifunsa kumene kuli sokosi.

Ndine munthu wosakhulupirira msanga, moti ndisanatulutse ndalama ndinafuna kudziwa ngati kuunikira nkhope ndi getsi si matsenga a otsatsa malonda. Nkhani yake ndi yakale ndithu. Mu 1967 dokotala wa ku Hungary, Endre Mester, anameta mbewa n'kumaziunikira ndi kuwala kofiira kwa laser yofooka, ndipo anaona kuti ubweya wa mbewa zounikiridwazo ukumera msanga. Ogulitsa amakonda kutchula NASA, bungwe la ku America lofufuza za mlengalenga, chifukwa linayesapo magetsi a LED pomeretsa mbewu, koma musalole kuti dzina limenelo likutsegulitseni chikwama. Chofunika ndi manambala olembedwa pa katoni. Changa chimatulutsa kuwala kofiira kwa 633 nm (nm ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala) ndi kwina kwa 830 nm kumene maso sakuona koma kumalowa mozamirapo pakhungu. Kuwala kumeneku kumalandiridwa ndi tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu, ndipo akatswiri amati kumachepetsa kutupa ndi kulimbikitsa khungu kupanga collagen, chinthu chimene chimaligwira kuti lisafote. Mulibe UV, choncho sichiwotcha ngati dzuwa la masana.

Masabata 4 oyamba sindinaone chilichonse. Ndinkachivala kasanu pa sabata, madzulo, nkhope yosamba ndi youma, yopanda mafuta alionse, ndipo m'mawa ndikayang'ana pagalasi ndinkapeza munthu yemwe uja. Chinandithandiza kusagwa mphwayi ndi chakuti Lamlungu lililonse ndisanapite ku tchalitchi ndinkadzijambula pa windo lomwelo la kukhitchini. Maso amanama, makamaka ngati walipira ndalama zambiri. Zithunzi zinayamba kulankhula cha m'sabata ya 6. Ziphuphu za pachibwano, zimene zimandiyendera mwezi uliwonse nthawi yanga ikayandikira, zinabwera monga mwa masiku onse, koma zazing'ono, zosapweteka kwambiri, ndipo zinaphwa m'masiku atatu pamene kale zinkatha sabata. Chifukwa choti zinkapola msanga, mabanga atsopano anachepa. Kwa ine chimenechi ndiye chinali phindu lalikulu, kuposa za makwinya zimene zinalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni.

Pofika Julayi khungu linkamveka losalala ndikamasamba, ndipo paudala sinkaunjikananso m'mbali mwa mphuno. Timizere ta m'mbali mwa maso tinafewako pang'ono, moti ndimayenera kukulitsa chithunzi kuti ndione. Mizere iwiri yotsika kuchokera pamphuno kufika pakamwa ili pomwepo, sinasunthe. Mabanga akale a m'masaya nawo sanachoke. Mnzanga wa kuntchito anandifunsa ngati ndasintha sopo, ndipo ndikuganiza kuti funso limenelo likufotokoza bwino msinkhu wa kusinthaku: n'kooneka, koma palibe amene angakufunseni ngati mwabwerera ku utsikana.

Zokhumudwitsa zilipo. Nkhope imene anayezera chigobachi si yanga. Mphuno yanga ndi yotambalala, ndiye silikoni imadina m'mbali n'kusiya mizere kwa theka la ola, pamene pachibwano chimalendewera osakhudza khungu. Lamba wake amakoka tsitsi, makamaka ukaluka, moti ndimayamba ndamanga duku. Kuwalako kumathobwa m'maso ngakhale pali mabowo. Amene amati amaonera TV atachivala, kaya maso awo ndi otani, ine ndimatsinzina. Mu Okutobala, ndi kutentha kwa kuno, thukuta limadzaza mkati ndipo ukapanda kupukuta chigobacho ukamaliza, ziphuphu zomwe ukuthamangitsazo uziitana wekha. Chabwino n'chakuti chimayendera batire yotchaja ndi chingwe cha USB, ndipo ndikatchaja kamodzi imandifikitsa pafupifupi sabata. Kuzima kwa magetsi sikunandilepheretsepo.

Apa amayi anzanga akhungu ngati langa mumvetsere. Patsaya langa lakumanzere pali banga lotambalala limene linabwera ndili ndi pakati pa mwana womaliza, limene madokotala amati melasma. Linali litazilala kwa zaka. Kumayambiriro kwa Okutobala ndinaona kuti layamba kuderanso. Ndinasiya chigoba n'kupita kwa dokotala wa khungu, ndipo anandifunsa kaye za mafuta oteteza ku dzuwa. Ndinachita manyazi, chifukwa ndinali nditayamba ulesi, n'kumaganiza kuti chilombo chikugwira ntchito yonse. Anandifotokozera kuti melasma imadzutsidwa ndi dzuwa, kutentha, komanso kuwala kooneka ndi maso, makamaka kwa buluu, ndipo khungu lakuda ndi limene limayankha msanga popanga banga. Ndinapuma masabata 3, ndinabwerera ku mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 m'mawa uliwonse, banga lija linayamba kuzilala. Pano chigoba ndimavala katatu pa sabata, nditaphimba tsayalo ndi kansalu kochindikala. Pakati pa dzuwa la Okutobala, ulesi wanga ndi chigobacho, mlanduwu ndinaugawa patatu.

N'chifukwa chake zigoba zokhala ndi kuwala kwa buluu, kwa 415 nm, ine sindingazivale, ngakhale kuti kuwala kumeneko n'kumene kumapha tizilombo toyambitsa ziphuphu. Ndi maso omwe muzisamala. Mu 2019 kampani ya Neutrogena inachotsa pamsika chigoba chake cha ziphuphu poopa kuti chingavulaze maso a anthu amene ali ndi mavuto ena a maso kapena akumwa mankhwala opangitsa thupi kusagwirizana ndi kuwala. Ngati mukumwa doxycycline kapena isotretinoin, funsani adokotala musanayambe. Ndipo zigoba zapulasitiki zolimba zija zotsatsidwa pa Facebook, za mitundu 7 ya kuwala koma zosalemba nambala ngakhale imodzi ya nm, ndi magetsi a Khrisimasi omangidwa kumaso.

Tsopano kamakina kaja. Kamatumiza magetsi ochepa kwambiri, osakwana theka la milliamp, kudutsa pakhungu kupita ku minofu ya nkhope. Umapaka jelo wambiri, n'kumayendetsa timipira tija pang'onopang'ono kuchokera pachibwano kukwera kukhutu, patsaya, kenako pamphumi, ndipo kakalira umabwerera poyambira. Pepala lake limati mphindi 5 pa tsiku, masiku 5 pa sabata kwa miyezi iwiri yoyamba. Mphindi 5 zimenezo sanawerengere kusamba, kupaka jelo, kupakanso pamene wauma, ndi kumuchotsa pomaliza chifukwa ukamusiya amapanga zinyenyeswa pansi pa paudala. Kunena zoona ndi mphindi 15, m'mawa, ana akufuna phala.

Kamvekedwe kake n'kachilendo. Jelo akakhala wokwanira sumva kanthu, koma pamene wauma kamaluma ngati linthumbu. Ndikadutsa pafupi ndi dzino langa lomata, m'kamwa mumamveka ngati ndanyambita khobidi. Pamphumi nsidze imadumpha yokha, ndipo nthawi zina ndikatsinzina ndimaona kuphethira ngati mphenzi yakutali. Ndinatsitsa mphamvu n'kuzolowera.

Kodi kamagwira ntchito? Ndinachita mayeso amene aliyense amachita: kuyendetsa mbali imodzi yokha n'kuyerekeza. Nsidze ya mbali imeneyo inakweradi pang'ono, tsaya linaoneka lodzuka, kutupa kwa m'mawa kunatsika. Ndinaitana mwana wanga wamkulu kuti aloze mbali imene ndapanga ndipo analoza molondola. Ndinasangalala. Koma mawa lake nkhope inali itabwerera kwawo. Ndinalimbikira miyezi iwiri yonse osaphonya, ndikuyembekezera kuti zidzakhazikika. Mu Ogasiti tinapita kumaliro ku Mulanje, tinakhalako masabata awiri, ndipo kumeneko palibe amene angatulutse kamakina ka nkhope pakati pa azimayi ophika nsima. Nditabwerako ndinayerekeza ndi chithunzi cha mu Epulo: nsagwada zomwe zija, masaya omwe aja. Khungu losalala la chigoba linali likadalipo, koma za kamakina zonse zinatsala m'basi.

Kenako nkhani ya jelo, imene ogulitsa amaitchula chamumtima. Chubu chimene chinabwera m'katoni chinatha m'masabata 6, ndipo kuno sindinachipeze m'sitolo iliyonse. Magetsi amadutsa m'zinthu zamadzi, choncho Vaseline, mafuta a kokonati kapena chodzola chilichonse chamafuta chimangowatchinga. Ndinagula jelo wa aloe vera ku famase. Amathandiza koma amauma msanga, ndiye ndimapaka kachigawo kamodzi, n'kuyendetsa, n'kupita kwina, botolo la madzi opopera lili pambali. Jelo wa pa sikani ya amayi oyembekezera ndiye amakhalitsa, kungoti amanata. Musanagule kamakina kameneka, werengerani ndalama ya jelo ya chaka chonse.

Pepala lake limaletsa amayi oyembekezera, odwala khunyu, odwala khansa, ndi amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Limaletsanso kuyendetsa pakati pa khosi pamene pali chithokomiro, kapena pa chiphuphu chotupa. Apongozi anga atakaona anati, "Mwana wanga, tandiyesako pamasaya apa." Ndinawakaniza mwaulemu chifukwa ali ndi vuto la mtima, ndipo anandinyanyalira mpaka chakudya chamadzulo.

Mmene ndimachitira pano n'zosavuta. M'mawa ndimasamba, kudzola chofewetsa khungu chopepuka, kenako SPF 50, kaya kuli mitambo. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu madzulo ndimasamba, kupukuta, kuvala chigoba mphindi 10, ndiyeno n'kudzola. Retinol, chodzola chochepetsa makwinya ndi ziphuphu, ndimapaka masiku amene sindivala chigoba. Amene mumadzola mafuta oyeretsa khungu, khungu lanu ndi lopyapyala kale ndipo silichedwa kupsa mtima. Konzani kaye zimenezo ndi dokotala musanaliunikire chilichonse.

Akanandibwezera ndalama, chigoba ndikanagulanso, podziwa kuti ndikugula ziphuphu zopola msanga ndi khungu losalalako, patatha miyezi. Ndalama ya kamakina ndikanagulira mafuta oteteza ku dzuwa a zaka ziwiri. Pano kamagona m'dirowa ndipo kamatuluka pakakhala ukwati kapena chinkhoswe, pamene nsidze yokwera kwa tsiku limodzi ndi yokwanira kuti zithunzi zituluke bwino. Mlamu wanga wakabwereka kale kuti akagwiritse ntchito pa ukwati wa mwana wake mu Disembala. Ndamuuza kuti abwere ndi jelo wake.