Overrate ndi overestimate: akusiyana pati?

Mawu awiri a Chingereziwa onse amanena zokweza chinthu mopyola muyeso, koma sagwira ntchito imodzi.

Overrate amakhudza ubwino wa chinthu. Ndi mawu a pamtsutso, ngati uja umabuka mu minibasi ya ku Ndirande mpira ukatha pa Kamuzu Stadium. Wina akati wosewera wakuti ndi overrated, ndiye kuti anthu amangomutama koma m'bwalo alibe chodabwitsa. Palibe sikelo yoyezera zimenezi, mnzako akhoza kukukanira mpaka potsikira.

Overestimate ndi a zinthu zowerengeka: ndalama, nthawi, kuchuluka kwa anthu. Mayi wa mandasi ku Limbe akakazinga beseni lodzaza poganiza kuti ogula achuluka, madzulo n'kubwerera nalo theka, wachita overestimate. Apa mtsutso palibe, otsalawo ndiwo umboni. Mawuwa amagwiranso pa mphamvu za munthu, monga wodzinamiza kuti akwera phiri la Soche osapuma.

Polemba lipoti la kuntchito, ine ndingasankhe overestimate. Overrate amamveka ngati kunyoza, ndipo abwana sangakondwe mukanena choncho za pulani yawo.