Nyimbo yofotokoza nkhani: ndani angakuuze pamene pakuvuta?

Mtsikana wina amene ndimamuthandiza pa zopeka nyimbo anabwera ndi ntchito yake ya mphindi 7, yolembera zida zinayi: klarineti (chida chouzira ngati chitoliro), vayolini, chelo (chida chonga vayolini koma chachikulu, cha mawu otsika) ndi piyano. Nkhani yake inali ya asodzi awiri amene alowa pa nyanja madzulo, mwera n'kuwapeza pakatikati, m'mawa n'kubwerera mmodzi yekha. Munalibe mawu oimba, munalibenso wolankhula. Zida zokhazo zinayenera kunyamula nkhani yonse. Funso lake linali lakuti, "Ndipite nayo kwa ndani kuti andiuze zoona?" Tinayesa njira zisanu, ndipo sizinatipatse zofanana.

Nyimbo yotere imakhala ndi mafunso awiri osiyana. Loyamba n'lakuti kodi zimene walembazo munthu angaziimbe ndi zala komanso mpweya wake. Lachiwiri n'lakuti kodi womvera akumva kuti pali chimene chikuchitika, popanda iwe kuimirira n'kumufotokozera. Ophunzira ambiri amafunsa loyamba lokha, akayankhidwa n'kuganiza kuti amaliza.

Kompyuta ndiyo womvera woyamba wa aliyense masiku ano. MuseScore, pulogalamu yolembera nyimbo n'kuimvetsera, ndi yaulere, ndipo kuyambira pamene inatuluka ya nambala 4 mu Disembala 2022, kamvekedwe ka zida zake kanayamba kukoma moti mwana akhoza kudziona ngati wafikapo. Zinzake, Sibelius ndi Dorico, zonse zathunthu n'zogula, pamene Finale eni ake anasiya kuigulitsa mu 2024. Ubwino wa kompyuta ndi wakuti sitopa. Ukhoza kuimvetsera pakati pa usiku kambirimbiri, n'kugwira manotsi olakwika, n'kuona ngati gawo lina latalika mopitirira. Ukalembera vayolini notsi yotsika kuposa G wake wapansi, MuseScore imaifiiritsa kuti uone. Koma kompyuta sipuma. Mtsikanayu analembera klarineti mzere wautali wopanda popumira paliponse, makinawo n'kuuimba bwinobwino ngati kanthu kopepuka. Imanamanso pa kukula kwa mawu: piyano ikamagunda mwamphamvu pansi, chelo m'chipinda chenicheni imamira, koma mu sipika zonse zimamveka ngati zagawana malo mwachilungamo. Za nkhani ya asodzi ija, kompyuta inalibe choti inene.

Kuika ntchito pa intaneti ndi njira yotchipa kuposa zonse, imangodya bandulo basi. Pali musescore.com, pali r/composer pa Reddit pamene amafuna kuti uike score, ndiye kuti nyimbo yolembedwa m'manotsi, osati zomvetsera zokha, palinso magulu a pa Facebook. Sindikhalitsapo apa. Ambiri amangolemba kuti yakoma, mmodzi mwa apo ndi apo ndiye amakhala pansi n'kulemba zomveka. Vuto lalikulu n'lakuti akumvetsera kompyuta yomwe ija, ndiponso awerenga kale nkhani yako pamwamba asanakanikize batani. Munthu ukamuuza kuti apa pali mphepo, mphepoyo aimva ndithu ngakhale palibe. Chimene chinathandizako n'kufunsa mwachindunji, monga kuti kusintha kwa pa bar 40 (ma bar ndi tizigawo ta nyimbo yolembedwa tokhala ndi manambala) kukubwera mwadzidzidzi kapena ayi. Funso lotere ndi limene linabweretsa yankho limodzi lokha laphindu.

Mphunzitsi amaona zimene awiriwa sangaone, makamaka kamangidwe ka nyimbo yonse. Mphunzitsi wake wa kusukulu atangoyang'ana masamba atatu anamuuza kuti asodzi ake alibe nkhope. Kanyimbo koimira asodziwo kanali pa piyano, mafunde analinso pa piyano, ndiye womvera akanasiyanitsa bwanji munthu ndi madzi? Anamulangiza kuti msodzi mmodzi akhale klarineti, mnzake akhale chelo, piyano ndi vayolini zikhale nyanja. Anamukumbutsanso za Bedřich Smetana wa ku Bohemia, amene mu 1876 analemba nyimbo ya zida zinayi za zingwe yonena za moyo wake. Chakumapeto, vayolini woyamba amagwira notsi imodzi ya E yokwera kwambiri kwa nthawi yaitali, kuimira kulira kwa m'makutu kumene kunabwera pamene ankagontha. Notsi imodzi inanyamula tsoka lonse. Mwana wathuyu anali ataunjika manotsi mazanamazana pofuna kunena chinthu chimodzi.

Koma mphunzitsi naye ali ndi chilema chake. Nyimboyo waiona ikubadwa, nkhani akuidziwa kuyambira tsiku loyamba, choncho khutu lake silinso lachilendo. Ndiponso ife amene tinaleredwa poti wamkulu sayankhidwa timangoti "Chabwino aphunzitsi" n'kusintha zonse, ngakhale zimene zinali zathuzathu. Ndaonapo nyimbo za ophunzira atatu a munthu mmodzi zikumveka ngati ana a mimba imodzi.

Njira imene ndimaiika patsogolo ndi kusonkhanitsa oimba enieni kuti aiwerenge n'kuiimba pomwepo. M'masukulu a nyimbo a ku Britain ndi America zimenezi n'zachizolowezi: gulu limabwera, wophunzira aliyense n'kupatsidwa kanthawi kochepa, kenaka wina. Kwathu kuno ndiye pali ntchito. Woimba piyano umupeza kutchalitchi, woliza klarineti mwina ku bandi, koma wa chelo wodziwa kuwerenga manotsi umachita kufunsira kwa anthu angapo. Umafunikanso ya thiransipoti ndi tiyi. Tinadikira masabata atatu kuti anayiwa apezeke tsiku limodzi.

Usanawaitane konza mapepala, chifukwa nthawi yambiri imathera pa zinthu zopusa. Aliyense akhale ndi gawo lake lokha, manambala a bar alembedwe, potembenuzira tsamba pakhale pamene dzanja lili ndi mpata. Klarineti ya B-flat imamveka motsika ndi toni imodzi kuposa zimene zalembedwa, ndiye gawo lake liyenera kukwezedwa. Ukaiwala zimenezi mphindi khumi zoyambirira zimathera pa kuyang'anizana.

Tsikulo, atafika pa bar 52, bambo woliza klarineti anachotsa chida pakamwa, nkhope itafiira, n'kufunsa, "Mwana wanga, ndipumire pati pamenepa?" Mtsikanayo anati, "Pepani bambo, pa kompyuta zimatheka." Chipinda chonse chinaseka. Mayi wa vayolini naye anaonetsa kuti kunjenjemeretsa uta kwa mphindi ziwiri zathunthu kumaumitsa mkono, ndipo mphepoyo m'malo mokula imafooka pamene ikufunika kuopsa. Anapereka nzeru yoti aziyamba mwakachetechete pafupi ndi pokhalira zingwe, pamene mawu amamveka okanda, mphamvu n'kusungira kumapeto. Wa chelo sanalankhule zambiri, anangotenga pensulo n'kuzunguliza malo awiri pamene manotsi awiri oimbira pamodzi anali otalikirana kuposa chikhatho cha munthu. Zonsezi zinatuluka m'mphindi 40, ndipo palibe njira ina imene ikanazitulutsa.

Chenjezo langa n'lakuti oimba amalankhulira chida chawo. Amafuna zowakomera m'manja, ndipo si chovuta chilichonse chimene chili cholakwika. Pa bar 52 paja ndi pamene msodzi akulimbana ndi madzi, ndiye kubanika kwa woliza klarineti kunali koyenera nkhaniyo. Mtsikanayo sanafufute mzerewo. Anaudula m'zidutswa zazifupi n'kulemba kuti mpweya ukokedwe momveka pakati pake, moti kupuma kwa bamboyo kunasanduka mbali ya nyimbo. Chimenechi anachiganiza yekha, ndipo ndinanyadira.

Phindu lina la tsiku lotere n'lakuti umachokako ndi zojambula mawu. Foni imodzi pa mpando, mamita atatu kuchokera kwa oimba, ndi yokwanira. Zojambulazo n'zimene zimatsegula njira yachisanu, imene anthu amaidumpha kawirikawiri pamene ili yosafuna ndalama: kumvetseretsa anthu osadziwa nkhaniyo.

Tinaitana anthu asanu, atatu a kwaya odziwa sol-fa yokha, mnyamata wina woimba gitala, ndi azakhali ake a mtsikanayo amene sanaonepo chelo chibadwire. Mutu wa nyimbo sitinawauze. Cholinga sichinali choti alose kuti ndi asodzi, chifukwa zida sizitchula dzina la munthu kapena bwato. Tinkafuna kudziwa ngati akumva mtendere, kenaka ngozi, kenaka kutaya, pa nthawi yake. Apa mpofunika kusamala, poti anthu athu ndi aulemu, ukawafunsa ngati yakoma onse amati yakoma. Ndinabwereka njira ya Liz Lerman, katswiri wa magule wa ku America, imene anaikonza mu 1990. Omvera amayamba n'kunena chimene chawakhudza, kenaka wopeka amafunsa mafunso ake, kenaka omvera amafunsa mafunso osabisamo chiweruzo, ndipo maganizo awo amabwera pomaliza, wopekayo akalola. Munthu wamanyazi amamasuka akafunsidwa kuti anamva chiyani, kusiyana n'kumufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Mphepo anaimva onse asanu. Imfa sanaimve ngakhale mmodzi. Azakhali aja anati, "Kumapetoko zikumveka ngati anthu akuchokera ku ukwati, atopa koma akondwa." Mtsikanayo anangoti kukamwa yasa. Titabwerera ku score tinapeza chifukwa chake poyera: kanyimbo koyamba kaja kanabweranso ndi zida zonse zinayi, chelo ili momwemo ikuimba mokoma, ngati kuti mnzake uja wakwera m'bwato n'kubwerera nawo. Mphunzitsi sanazione poti ankadziwa kale kuti munthuyo wamira. Oimba sanazione poti aliyense anali pa tsamba lake.

Amene angakwanitse njira imodzi yokha, ine ndingati asake oimba n'kujambula, chifukwa zojambulazo akhoza kupita nazo kwa mphunzitsi, kwa azakhali, ngakhale pa intaneti pomwe. Kompyuta ikhale ya tsiku ndi tsiku, mphunzitsi abwere koyambirira pamene kamangidwe kakadali kosinthika.

Mtsikanayo anachotsa chelo kuyambira pa bar 118 mpaka kumapeto. Klarineti imaimba kanyimbo kaja yokha, n'kumasiya mpata pamene mnzake ankayankhira, piyano ikungogunda pang'onopang'ono pansi. Titakumananso kuti tiyese, wa chelo anakhala mphindi yathunthu uta uli pamiyendo, anthu onse akumuyang'ana iyeyo. Itatha anafunsa ngati ya thiransipoti ikhala yomweyo poti manotsi ake achepa.