Kanyumba kobenera mafilimu ka pamsika wa Bangwe

Amene ali ndi saluni ngati ine akudziwa kuti kuluka tsitsi si ntchito ya mphindi khumi. Munthu akafuna timizere ting'onoting'ono, kapena meshi yofika m'chiuno, amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khosi lili chopindika, ndipo nkhani zocheza zimafika potha. Chimene chimamukhazika mtima pansi nthawi yonseyo ndi kanema wa pakhoma. N'chifukwa chake komwe ndimatenga mafilimu sindisankha mwachisawawa, ndipo ndati ndikuuzeni za kanyumba kena kobenera nyimbo ndi mafilimu kamene kali chakumunsi kwa msika wa Bangwe, komwe ndinazolowera kupita.

Malo ake ndi opanikizika. Mukalowa anthu atatu, wachinayi amaima pakhomo. Muli tebulo, kompyuta yakale yokutidwa ndi chitenje kuopa fumbi, timabokosi tosungira mafilimu tolumikizidwa ndi mawaya, ndi zithunzi za m'mafilimu zofwifwa ndi dzuwa zomata pachitseko. Panja pali benchi. Mtengo wa filimu imodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi bandulo imene mungaphe mutati muikoke nokha pa intaneti, ndipo mukatenga sizoni yonse amakuchotserani. Koma zimenezi mungazipeze paliponse, ku Ndirande, ku Chirimba, ku Limbe, malo obenera ali mbwee. Chimene chimandibweza pano ndi mwini wakeyo.

Ndi mnyamata wofatsa, wosachedwa kumwetulira. Ine ndimangoti achimwene, iye amati asisi. Sangokufunsa kuti "tiike ziti?" ayi. Amayamba wafunsa za zomwe unatenga ulendo watha.

"Asisi, ija ya mayi wolera ana a mwini anailandira bwanji?"

"Analira saluni yonse, achimwene. Wina mpaka anaiwala kuti ndikumukoka tsitsi."

"Ndiye lero musatengenso yoliritsa. Tengani yoseketsa iyi ya ku Nigeria. Sizoni ya ku Korea iyi muiyambe Loweruka anthu atachuluka, chifukwa akaona gawo loyamba adzabwera kudzafunsa lachiwiri."

Ndipo zimakhaladi choncho. Amakumbukira kuti kwa ine kumabwera amayi ndi ana kumbuyo, atsikana a sukulu, nthawi zina agogo odzachapitsa tsitsi pokonzekera ukwati wa mdzukulu. Filimu ikakhala ndi malo olaula kapena magazi ochuluka amanena asanaike: "Iyi ndi yabwino, koma si ya pasaluni, mukaonere kunyumba ana atagona." Mawu amenewa kwa ine ndi ofunika kuposa kutchipa, chifukwa kuthamangira rimoti manja ali ndi mafuta, mwana wa kasitomala ali maso tong'o pa sikirini, ndi chinthu chochititsa manyazi chimene chingakuthamangitsire anthu.

Luso lake lina limene ndimalisirira ndi lopeza filimu yopanda dzina. Ife tikamauzana za mafilimu sititchula maina. Kasitomala amangoti, "Asisi, mupeze ija ya mtsikana anasinthidwa kuchipatala ali khanda, n'kukulira kwa osauka pomwe makolo ake ndi mabwana." Wina amati, "Ija ya mfumu inakwatira wantchito wa m'nyumba." Ine ndimanyamula mawu omwewo kupita nawo. Iye amatsinzina pang'ono, n'kufunsa, "Ya ku Philippines kapena ya Amwenye? Mtsikanayo amagulitsa nsomba kapena maluwa?" Ukayankha, amatsegula foda, n'kukuonetsa kachigawo kuti utsimikize. Mafilimu a nkhani yofanana alipo ambirimbiri, koma kawirikawiri amalasa yeniyeniyo. Amaonera zimene amagulitsa, ndipo zimaonekeratu.

Benchi ya panja ija nayo ndi gawo la malonda ake, ngakhale salipiritsa. Podikira kuti fulashi idzaze, anthu osadziwana amayamba kucheza. A kabaza amatsutsana za mafilimu a karati ndi a nkhondo, ana a sekondale amalimbana pa masizoni, ndipo bambo wina wachikulire amakonda kukamba za masiku omwe ankavala bwino kupita kukaonera kanema ku Apollo mu tauni. Funso limene limazungulira ndi limodzi: "Mwaonera chiyani chabwino masiku ano?" Mafilimu angapo amene anakondedwa kwambiri pasaluni panga ndinawamvera pa benchi pomwepo, kwa anthu amene sindinawaonenso. Kenako amayi aja akaonera kwa ine, amakatenga okha, kapena amatumizirana pa foni ndi Xender, n'kumakambirana m'magulu athu a WhatsApp usiku. Filimu imodzi imatha kuyenda dera lonse motero.

Pa zaukadaulo amasamala. Amafunsa kaye kuti mukaonera pa chiyani. Wa foni ya mabatani amamuikira timafayilo tating'ono ta 3gp pa memole khadi, wa foni yotsetsereka kapena kanema wa pakhoma amamuikira mp4. Anandifotokozera chifukwa chake kanema wanga ankaonetsa zithunzi popanda mawu pa mafilimu ena: makanema ambiri otchipa sawerenga mitundu ina ya mafayilo, makamaka ena a mkv, ndiye iye amayamba wawasintha. Anandiuzanso kuti fulashi yokonzedwa mwa FAT32, imene makanema ambiri amailandira, sitenga fayilo imodzi yoposa 4GB, choncho safuna kundiikira zolemera zimene zingakane panjira. Mafilimu a saizi yapakati, fulashi ya 16GB imanyamula oposa khumi, okwana sabata yonse ya ntchito. Filimu ikakhala yojambulidwa ndi kamera m'holo, ya mdima, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo, amanena poyera kuti dikirani, yoyera sinatuluke. Ena amangokuikira, ukazionere wekha kunyumba.

Tsopano za mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, amene ndi omwe amayenda malonda kwambiri pamenepo. Ine ndimawakonda pa chifukwa chimodzi chachikulu: mayi anga, amene Chingerezi sachimva, amatha kutsata nkhani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kumakalipira wachiwembu wa m'filimuyo ngati akumuona pakhomo. Womasulira wabwino amadziwa polankhula ndi pokhala chete, amasiya nyimbo ilire, amasiya munthu alire. Koma alipo ena amene amalongolola osapuma, amasintha nkhani kuti anthu aseke, ndipo choipitsitsa, amathira mawu otukwana ndi onyoza amayi kapena mitundu ya anthu. Zimenezo pasaluni panga sindizilola. Mnyamatayu anawagawa m'mafoda, ndipo amadziwa omasulira aulemu ndi a pakamwa poipa. Ukamuuza kuti ukufuna zoti ungaonere ndi apongozi, amadziwa potsegula.

Zolakwika zilipo, ndipo sindizibisa. Choyamba ndi vayirasi. Kompyuta imodzi imalandira mafulashi a dera lonse, ndiye matenda sangalephere. Tsiku lina ndinabwera nayo fulashi mafoda onse atasanduka timivi tosatseguka, ndipo m'menemo munali zithunzi za masitayilo a tsitsi zimene ndimaonetsa makasitomala. Anandibwezeretsera zambiri mwa izo osandilipiritsa, anapepesa, koma mtima unali utawawa kale. Musapite ndi fulashi ya zikalata za kuntchito kapena zithunzi za ukwati. Gulani ina yoti ikhale ya mafilimu basi. Chachiwiri, akapanikizika amalumpha magawo. Sizoni imatha kuchoka pa gawo 7 kufika pa 9, ndipo gawo losowalo limakhala lomwe chinsinsi chikuululika. Amakonza ukabwerera, koma ndi ulendo winanso. Werengani magawo musanachoke. Chachitatu ndi sipika ya pakhomo, imene imalira mopyola muyezo moti pokambirana mumachita kukuwa. Magetsi akazima ntchito imaima, chifukwa alibe sola kapena jenereta. Amangolemba dzina lanu pa kapepala n'kusunga fulashi kuti mudzatenge madzulo.

Koma chimene chimandivutitsa mumtima kwenikweni ndi foda imene analemba kuti "Zakwathu". Muli mafilimu a Amalawi, ndipo amaikidwa pa mtengo womwewo, ndalama yonse n'kutsala patebulo pomwepo. Amene anagulitsa katundu wake kuti alipire kamera ndi ochita sewero salandirapo kanthu. Komatu anthuwa atichotsa manyazi kunja. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. Shemu Joyah anapata mphoto yomweyo mu 2018 ndi The Road to Sunrise, nkhani ya amayi oyendayenda a muno mu Blantyre, imene inayambitsa mtsutso waukulu pasaluni panga, ena akuwamvera chisoni amayiwo, ena akuwaweruza. Ngakhale filimu ya 2019 ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi, inajambulidwa kuno ndipo mbali yaikulu anthu amalankhula Chichewa. Makasitomala anga anakambirana za katchulidwe ka Chichewa ka Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a William, koma pamalo osonyeza njala ija amayi achikulire anangoti zii, chifukwa njala ya 2002 anaiona ndi maso awo. Anthu amafuna kudziona okha pa kanema, n'chifukwa chake foda imeneyi imatsegulidwa tsiku lililonse.

Ndinamuuza maso ndi maso kuti zimenezi sizili bwino. Lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016 lilipo, bungwe loyang'anira ufulu wa aluso la COSOMA lilipo, ndipo kukopera ntchito ya munthu n'kumagulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Iye sanakwiye. Anati, "Asisi, ndikakana ine apita pa mnzanga apo. Komanso zenizenizo ndikapikule kuti?" Funso limeneli lili ndi nzeru. Opanga mafilimu athu akanakhala ndi njira yofikitsira ntchito zawo kwa anyamata ngati ameneyu, n'kumagawana phindu, akanapeza wogulitsa wodziwa makasitomala ake kuposa sitolo ina iliyonse. Pakadali pano ine za kwathu ndinasiya kubenetsa. Zimene eni ake anaika okha pa YouTube ndimaonera komweko, ndipo filimu yatsopano ikamaonetsedwa mu tauni timasonkherana ndi anzanga a pasaluni n'kukalipira pakhomo.

Kwa amene muli mbali ya Bangwe, Namiyango kapena BCA ndipo mwatopa ndi kuikiridwa zilizonse, pitani pamenepa. Muuzeni mafilimu awiri atatu amene munawakonda ndi anthu amene muonera nawo, kenako musiyeni asankhe. Nthawi yabwino ndi m'mawa pakati pa sabata. Lachisanu madzulo ndi kumapeto kwa mwezi pamadzaza moti mutha kudikira ola lathunthu. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, ndipo Lamulungu amatsegula masana anthu akaweruka ku tchalitchi.