Kukaona chipale ku Lesotho kuchokera ku Joni: tigone pamwamba, ku Clarens, kapena tidzere ku Sani?

Juni akangolowa, funso pa gulu lathu la WhatsApp limakhala lomwelo: "Achimwene, kuja munakajambulitsa pa chipale chofewa kuja n'kuti, nanga munthu apite ndi zingati?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere. Ndikunena za ife okhala ku Joni ndi ku Pretoria, amene tili ndi Lachisanu madzulo, Loweruka ndi Lamulungu basi, Lolemba n'kulawirira kuntchito, komanso amene pakutha pa mwezi kumudzi amadikira kangachepe.

Malo otsetserekapo pa ski (timatabwa tatitali tomanga kumapazi potsetsereka pa chipale) oti n'kuwawerengera kuno kumwera ndi amodzi: Afriski, m'mapiri a Maluti, boma la Butha-Buthe ku Lesotho. Tiffindell ya ku Eastern Cape, kufupi ndi kamudzi ka Rhodes, idatseka nthawi ya Covid-19, ndiye ichotseni m'mutu. Zotsala kuyerekeza ndi komwe mugone ndi chomwe mukwere. Njira zomwe anthu amakangana ndi zitatu: kugona pamwamba pomwepo, kugona mmunsi mbali ya South Africa, ku Clarens kapena ku Fouriesburg, n'kumakwera m'mawa, kapena kuisiya ski n'kukangoona chipale ku Sani Pass.

Msewu wake uli chonchi. Mumatuluka ndi N3, kulipira pa mageti a De Hoek ndi Wilge, kukhotera ku Bethlehem, kenako Fouriesburg. Boda ya Caledonspoort ili pafupi pomwepo, imatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 10 koloko usiku. Mukawoloka mumadutsa tauni ya Butha-Buthe, ndipo pamenepo thirani mafuta, musadalire kutsogolo. Kuchokera pa boda kukafika ku Afriski ndi makilomita pafupifupi 80, pamsewu wa A1 womwe ndi wa tala, koma musawerengere ngati makilomita 80 a pa N3. Pali Moteng Pass, chikweza chofika mamita oposa 2,800, chamakona okhota kwambiri moti galimoto yaing'ono yodzaza anthu asanu imalira pa giya 1. Afriski yeniyeniyo ili pa mamita oposa 3,000. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye ganizirani kuti mwaimika galimoto pamwamba pa Sapitwa n'kukagula tiyi.

Ndiyambe ndi nkhani ya galimoto, chifukwa ndi pomwe ndidapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikaona chikwangwani cha kampani ija ndimayang'ana kumbali. Ambiri a ife tilibe galimoto yoti n'kuidalira pa chikweza chotero, ndiye timasonkherana n'kuchita hayala. Ife tidabukitsa pa intaneti, mtengo unali wabwino ndithu. Ndidaimba foni kufunsa ngati galimotoyo ingalowe mu Lesotho, mayi woyankha adati palibe vuto. Tsiku lotenga galimoto, zikwama zili kale pakhomo, mnyamata wa pa kauntala adayamba kuwerenga zomwe pa intaneti panalibe. Kalata yololeza galimoto kuwoloka boda ili ndi mtengo wakewake. Dipoziti yomwe amagwira pa khadi imakwera galimoto ikamatuluka m'dziko. Dalaivala wachiwiri, mtengo wina. Makilomita aulere anali owerengeka pa tsiku, ndipo ulendo wa ku Maluti kupita ndi kubwera umawapyola kutali. Kalata yokhayo idadya ndalama yoposa ya chipinda chomwe tidagona usiku woyamba.

Chidandiwawa kwambiri n'choti panalibe pothawira. Malo ogona tidali titalipira kale, anzathu awiri adali atapempha kale tchuthi. Mnyamatayo ankalankhula mwaulemu, akumwetulira, akuloza ndi cholembera timalemba ting'onoting'ono pansi pa pepala. Tidalipira. Pobweza galimoto adayendanso mozungulira ndi tochi, n'kupeza kachizindikiro ka mwala pagalasi lakutsogolo, ndipo dipoziti idabwera yoduka, patapitanso masabata.

Ndiye musanapereke khobidi lililonse, auzeni akulembereni pa imelo mtengo wonse wa galimoto yopita ku Lesotho: kalata ya pa boda, dipoziti, makilomita, inshuwalansi ya galasi ndi matayala, komanso ngati inshuwalansiyo imagwira ntchito kunja kwa South Africa. Za pafoni zimauluka ndi mphepo. Jambulani galimoto mbali zonse musananyamuke. Amene muli ndi yanuyanu musanyade msanga: tengani mapepala a umwini, ndipo ngati idakali pa ngongole, kalata ya kubanki imafunika. Ngati ndi ya mlamu wanu, akulembereni kalata yosainidwa. Ku Lesotho amalipiritsanso kandalama ka msewu polowa, nthawi iliyonse mukalowa.

Mawu akuti "nthawi iliyonse" amenewa ndi omwe amagwetsa njira yachiwiri ija, yogona mmunsi. Clarens ndi kokongola, sindikana. Mapiri amiyala yofiirira, paki ya zachilengedwe ya Golden Gate ili pafupi, malo odyera ndi omwera khofi ali mbwee kuzungulira bwalo lapakati pa tauni. Koma Clarens ndi tauni ya alendo, ndipo mitengo ya kumapeto kwa sabata m'nyengo yozizira imadziwa zimenezo. Fouriesburg, makilomita pafupifupi 35 kuchokera ku Clarens, ndi yosadzitama, zipinda zake n'zotsikirapo, ndipo boda ili pamphuno. Pa ziwirizi ine ndimasankha Fouriesburg osaganizanso kawiri. Ku Clarens pitani Lamulungu pobwerera, mukadye nkhomaliro n'kujambulitsa.

Vuto la kugona mmunsi masiku onse ndi loti mukafuna kutsetsereka Loweruka ndi Lamulungu, mukwera ndi kutsika Moteng kawiri. Mafuta awiri, ndalama ya msewu kawiri, mzere wa pa boda kanayi. Onjezani zidindo: ulendo umodzi wopita ndi kubwera ndi zidindo zinayi, kutuluka ku South Africa, kulowa mu Lesotho, kutuluka, kulowanso. Masiku awiri ndi zisanu ndi zitatu. Amene adavutikapo kupeza pasipoti yatsopano ya kwathu amadziwa kuti tsamba lililonse ndi chuma. Komanso m'mawa kwambiri ndi dzuwa likangolowa, mbali za msewu zomwe zili pamthunzi zimaundana, ndipo madzi oundanawo saoneka ndi maso. Kutsika Moteng mumdima, mwatopa, miyendo ikunjenjemera ndi ski, si chinthu choti muchite kawiri pofuna kupulumutsa ndalama ya chipinda. Potsika gwiritsani giya yotsika, mabuleki okha amatentha. Mukakumana ndi apolisi pamsewu, imani pa chikwangwani mpaka akukodoleni.

Za mapepala ndinene mosabisa, poti ndife tokhatokha. Pasipoti ya Malawi imalowa mu Lesotho popanda viza. Nkhani ili potuluka ku South Africa. Ngati masiku anu adatha, pa boda adzakudindani kuti ndinu osafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati mwapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu mukapyola kuposa apo. Mudzakhala muli mu Lesotho, katundu ndi ntchito zili ku Joni. Ndipo amene mukuganiza kuti ulendowu ukuthandizani kupeza masiku atsopano pobwerera, musawerengere zimenezo. Amene mapepala ake sali bwino asapite, chithunzi cha pa chipale sichikwana mtengo umenewo.

Kugona pamwamba kumaoneka kodula ukangoyang'ana mtengo wa chipinda, ndipo nyumba zikuluzikulu zija n'zoduladi, makamaka mu Julayi sukulu za ku South Africa zikatsekera, komanso pa tchuthi cha pa 16 Juni ndi pa 9 Ogasiti. Koma kuli malo ogona ambirimbiri m'chipinda chimodzi, a mabedi osanjikizana, ndipo amenewo ndi omwe amatha msanga, ndiye bukitsani kudakali miyezi. Palinso malo ogona cha ku Oxbow, mmunsi pang'ono pamsewu womwewo, oti mukagona kumeneko Moteng mwaidutsa kale. Ubwino wa pamwamba ndi woti mumadzuka chipale chili pakhomo, mumayamba kutsetsereka anthu ochokera mmunsi adakali pa mzere wa pa boda, ndipo madzulo dalaivala nayenso amapuma.

Konzekerani kuti pa phiripo chilichonse chili ndi mtengo wake. Tikiti yokwerera chingwe chokokera anthu kumtunda ndi payokha, kubwereka ma ski ndi nsapato zake payokha, mphunzitsi payekha. Izi sizobisika, zimalembedwa poyera, kungoti munthu wosazolowera amaganiza kuti akalipira kamodzi wathana nazo. Kwa oyamba kumene, malangizo anga ndi oti mulipire phunziro limodzi m'mawa wa Loweruka, tikiti ya malo a ophunzira basi. Msewu waukulu wotsetserekawo ndi wotalika pafupifupi kilomita imodzi, ndipo tsiku loyamba simuufika, mukhala mukugwa ndi kudzuka pansi pomwepa limodzi ndi ana a zaka zisanu omwe akukupitirirani. Amene akungofuna kuseka ndi kujambulitsa atenge zotsetsereka chokhala pansi zija, n'zotsika mtengo ndipo sizifuna mphunzitsi. Zovala musagule zatsopano. Juzi ziwiri, jekete losalowa madzi, magolovesi, sokosi zokhuthala ndi chipewa, zonsezi pa kaunjika wa mu tauni ku Joni zimapezeka. Jinzi ikanyowa ndi chipale imasanduka chilango. Magalasi a dzuwa ndi mafuta odzola oteteza ku dzuwa musaiwale, ngakhale ife akhungu lakuda timasupuka mphuno kumeneko.

Chinthu china chomwe zithunzi za pa Facebook sizinena: chipale chambiri cha pa Afriski n'chopangidwa ndi makina usiku kukazizira kwambiri. Masiku ambiri mumapeza mzere umodzi woyera pakati pa mapiri a udzu wouma wofiirira, abusa ofunda mabulangete ndi ovala majombo akudutsa ndi nkhosa chapatali. Ena amakhumudwa nazo. Kwa ine ndi chifukwa chake Afriski imapambana: kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwayi wopeza choti mupondepo ndi waukulu, kaya kumwamba kwagwa kanthu kaya ayi. Chipale chenicheni chikagwa chambiri, msewu womwewo umatha kutsekeka, ndiye yang'anani zanyengo Lachinayi, ndipo abwana anu adziwiretu kuti Lolemba mwina muchedwa.

Chakudya phikani nokha ngati malo anu ali ndi khitchini. Gulani ku Bethlehem kapena ku Butha-Buthe, ufa tengani wa kunyumba. Pamtunda wotero madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 90, ndiye nyemba zouma zisiyeni ku Joni, mungagone ndi njala mukuzidikira. Mpweya ndi wochepa, mukakwera masitepe ochepa chabe mumapuma wefuwefu, ena mutu umawawa usiku woyamba, ndipo mowa umagwira msanga. Imwani madzi ambiri. Ndalama ya Rand imagwira ntchito mu Lesotho mofanana ndi loti, koma chenji akakupatsani cha maloti chitheretu konko, kuno sachilandira. Foni izimitseni data musanawoloke, apo ayi gulani kakhadi ka Vodacom Lesotho kapena Econet.

Sani Pass ndiinena mwachidule chifukwa ndi ulendo wina. Ili mbali ya KwaZulu-Natal, kudzera ku Underberg ndi Himeville, kutali kwambiri kwa munthu wochokera ku Joni amene ali ndi masiku awiri. Pokwera pamafunika 4x4, ndiye ambiri amalipira makampani onyamula alendo, ndipo boda yake imatseka 6 koloko madzulo. Pamwamba, mamita oposa 2,800, pali bala yotchuka yomwe amati ndi yokwera kuposa zonse mu Africa. Malo ndi ochititsa kaso kuposa Afriski, koma kulibe makina a chipale, kulibe chingwe chokwezera anthu, ndipo mukapeza kuti sikudagwe kanthu mwangolipira mphepo. Abale a ku Durban ndi ku Pietermaritzburg, imeneyo ndi yanu. Ife a ku Gauteng ayi.

Palinso maulendo a basi omwe anthu amakonza, olipira kamodzi mayendedwe ndi malo ogona. Poganizira zomwe ndidaziona pa kauntala paja, ndimawayang'ana ndi diso lachifundo kuposa kale. Mukakhala awiri okha amenewa ndiye otsika mtengo, bola mufunse ngati tikiti ya pa phiri ndi ma ski zili momwemo, ndipo musatumize dipoziti kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook.

Mukakhala anayi kapena asanu ndipo mmodzi ali ndi galimoto yakeyake yamphamvu, chitani chonchi: nyamukani Lachisanu mukaweruka, mugone ku Fouriesburg, 6 koloko m'mawa mukhale muli pa Caledonspoort, Loweruka mugone pamwamba kapena ku Oxbow, Lamulungu muyambe kutsika dzuwa lidakali pamutu. Boda mwawoloka kamodzi, Moteng mwaikwera kamodzi masana, ndipo usiku wodula mwalipira umodzi wokha. Mwini galimoto musamulipiritse mafuta, ndipo bedi la pafupi ndi hita likhale lake. Za hayala, ngati palibiretu njira ina, pitani ndi imelo ija yosindikiza papepala, muiyike pa kauntala musanatulutse khadi.