Magalasi a VR oikamo foni aja, ndawayesa miyezi itatu kuno ku Bangula

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za magalasi a VR amene ndinagula ku Limbe mu Ogasiti, nde ndati ndingolemba kamodzi. Ndi aja apulasitiki oti umatsegula kutsogolo nkulowetsamo foni, kenako nkumanga malamba kumutu, ndipo vidiyo umaiona ngati waima pamalo pomwepo. Mtengo wake sunafike ngakhale pa mbuzi yaing'ono. Ine ndimaphunzitsa History ku sekondale ina konkuno ndipo ndinkafuna ana anga a m'kalasi aoneko zinthu zomwe timangowalembera pa bolodi.

Choyamba musanagule, foni yanu ikhale ndi kachipangizo kotchedwa gyroscope, ndi kamene kamadziwa kuti mwatembenuza mutu. Mafoni ambiri otchipa alibe, ndipo wogulitsa uja sanandiuze, ndinafika kunyumba nkupeza chithunzi chikungoima pamodzi ngati vidiyo wamba, mpakana ndinabwereka foni ya mlamu wanga ndipomwe zinatheka. Pa YouTube mumasaka mavidiyo olembedwa 360, mukadina kachizindikiro ka magalasi sikirini imagawika pawiri, mbali ya diso lililonse, nde magalasi aja amaphatikiza ziwirizo kukhala chimodzi. Basi ukayang'ana kumwamba ukuona kumwamba kwa malowo, ukacheuka ukuona zakumbuyo kwako.

Zoona zake chinthuchi chimagwira ntchito. Ana a Form 2 ndinawaonetsa mapiramidi a ku Giza, mtsikana wina anatambasula dzanja kufuna kugwira mwala, atavula anandifunsa kuti asa, anthu amenewa miyala yonseyi anakweza bwanji, funso loti chaka chonse palibe anandifunsapo. Mawa lake anabwera ndi anzake a kalasi ina.

Mavuto alipo koma. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, Okutobala ikafika pa 40 foni yotsekeredwa mu pulasitiki imatentha pakangotha mphindi 10 nkuyamba kudodoma, magalasi nawo amachita nthunzi ndi thukuta, kasiponji kapamphumi kananyowa nkumatuka sabata yachitatu. Bandulo imatha ngati madzi mu dengu chifukwa vidiyo ya 360 ikakhala yosawala bwino sumaona kanthu, imafunika yapamwamba. Batire nayonso chimodzimodzi, magetsi akazima tsiku limenelo mwagwa nayo. Ena amachita chizungulire, makamaka kamera ikamayenda, nde ndimawakhazika pampando ndipo sindilola kupitirira mphindi 5.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba si zimenezi. Tsiku lina ndinawaveka agogo anga aakazi, mayi awo a bambo, amene anasamuka ku Makhanga madzi atasefukira mu Januwale 2015. Anayang'ana uku ndi uku, anaseka, anati takhuta mwanangu, kenako akuti tsopano ndionetse kwathu, pamsika paja ndi pa siteshoni. Ndinasaka usiku wonse. Zomwe ndinapeza ndi mavidiyo wamba a madzi osefukira, anthu ali m'mabwato, koma yoti munthu aime pakati pa Makhanga nkutembenuka kuona mbali zonse ine sindinaipeze. Agogo anangovula nkundipatsa osanena kanthu, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Taganizani zomwe tili nazo chigwa chino. Livingstone anakwera Shire mu 1859 mpaka mathithi a Kapichira anamutsekereza. Nsanje ankatchedwa Port Herald, njanji yochoka kumeneko inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo chidukireni pa Chiromo mu 1997 ana obadwa pambuyo pake amangodziwa kuoloka pa bwato pa Mtayamoyo, sitima sanaionepo ikudutsa pamenepo. Dambo la Elephant Marsh linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017 koma ana anga ambiri sanalowemo ndi ngalawa ngakhale kamodzi, ku nkhalango ya nyama ya Majete nako zipembere zinabwerera mu 2003, mikango mu 2012, koma ndi makolo angati angakwanitse kutengera mwana kumeneko? Nanga nyimbo ndi magule athu monga valimba, utse, likhuba, akuluakulu oziimba bwino akutha mmodzimmodzi. Ndiye namondwe Freddy wa mu 2023 anationetsa kuti mudzi utha kugona ulipo nkudzuka uli mchenga wokhawokha. Izi ndi zoti munthu ajambule ndi kamera ya 360 panopa zikadalipo, ndipo olankhula m'menemo akhale eniake, mu Chisena ndi Chimang'anja.

Pali malo amodzi pomwe ine ndimaima kaye. Mnzanga wina anati bwanji ku Khulubvi, kwa Mbona, poti malowo ali kale pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse kuyambira 2011. Ine ndinakana. Kumene kuja sumangolowa ngati ukupita kumsika, umavula nsapato, umavala nsalu yakuda, ndipo pali akuluakulu osunga malowo amene amanena kuti apa pitani apa ayi. Nde munthu ali gone pa sofa ku London, nsapato kumapazi, azizungulira mkati mwa nkhalango ija ndi magalasi? Zimenezo oyenera kunena ndi osunga kachisi ndi mafumu, osati ine kapena wobwera ndi kamera. Akati jambulani njira yokha ndi nkhani yake, tijambule zomwezo, akati ayi ikhale ayi.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati ndinu mphunzitsi, kapena muli ndi gulu la achinyamata ku tchalitchi kaya kumzikiti, gulani, koma tengani foni yanu mukayesere mu shopu momwemo musanapereke ndalama, ndipo sankhani okhala ndi timawilo tosunthira magalasi chifukwa maso a ana ndi a akulu satalikirana mofanana. Muziwagwiritsa ntchito m'mawa kusanatenthe. Ngati mukungofuna kuonera mpira kapena mafilimu musataye ndalama, mudzawaika pa windo sabata yachiwiri.

Ine panopa ndikufunafuna aliyense wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje yemwe ali ndi kamera ya 360 yoti tibwereke masiku awiri okha mvula isanayambe. Bwato loolokera tsidya lija ndilipira ndekha, ndipo agogo avomera kale kutiperekeza kuti azikatilozera pomwe panali chiyani.