115, 124 kapena 147: chipolopolo cha 9mm cha pa mpikisano

Amene mumaombera mipikisano ya IPSC kapena USPSA, mabungwe oyendetsa masewero oombera mfuti mwachangu komanso molunjika, nkhaniyi imayambira pa masamu. Kulemera kwa mutu wa chipolopolo, m'magireni (kamuyeso kakang'ono ka kulemera), mumachulukitsa ndi liwiro lake la mafiti pa sekondi, n'kugawa ndi 1,000. Yankho lake ndiye power factor, ndipo ikapanda kufika 125 pa makina oyezera liwiro, tsiku lonselo mwangotentha wonga, mapointi anu sawerengedwa. Choncho cha magireni 115 chiyenera kuthamanga mafiti 1,087 pa sekondi, cha 124 mafiti 1,009, pomwe cha 147 chimakwanitsa ndi 851 okha.

Cha 115 n'chotchipa ndipo sichisowa m'sitolo. Koma chimalira mokweza, ndipo mfuti imadzuka mwaukali ngati yakuwazani mbama m'dzanja. Ine ndimachisungira tsiku loyeserera basi.

Mkangano weniweni uli pa ziwiri zinazi. Cha 147 chimafuna wonga wochepa, sichifika liwiro la mawu, ndipo mfuti siimenya, imangokankha pang'onopang'ono. Diso silitaya chandamale, kotero kuombera kachiwiri kumabwera mofewa, zitsulo zoimika ngati chandamale n'kumagwa bwinobwino. Vuto ndi loti slide, gawo la pamwamba la pisitoli lomwe limabwerera m'mbuyo mukaombera, imayenda mwaulesi. Munthu wa chala chofulumira amamva ngati akudikira mfuti. Ndi chodulanso, ndipo poti mutu wake ndi wautali, si mpope uliwonse umachilandira mosavuta. Ine ndidasinthira ku 147 kutatsala masiku awiri mpikisano, osayesa n'komwe. Pa mamita 25 zipolopolo zinkadutsa pamwamba pa mbale zachitsulo zomwe ndinkalunjika, ine n'kumaloza chala dzanja langa losalakwa.

Cha 124 chimamenya pang'ono kuposa cha 147, koma slide imapita n'kubwerera msanga, mfuti n'kukhazikika pomwe idali. Pa pisitoli yolemera yachitsulo ngati CZ Shadow 2, thupi la mfuti limameza kale kudzukako, ndiye 147 sichiwonjezera zambiri. Pa yopepuka ngati Glock 17 m'pomwe kufewa kwa 147 kumamveka.

A gulu la Open, la mfuti zosinthidwa kwambiri, nkhani yawo ndi ina: compensator, kachipangizo ka kumapeto kwa mpope kochepetsa kudzuka kwa mfuti, imadya mpweya wa wonga, ndiye amakonda zopepuka, ngakhale IPSC siilola chochepera magireni 120 kwa ofuna major, power factor yapamwamba yopatsa mapointi ochulukirapo.

Pano ndidakhazikika pa 124, ndipo ndimaonetsetsa kuti power factor ili cha m'ma 130, chifukwa makina a pa mpikisano sawerenga ndendende ngati anga.