Kokaonetsa ana mbiri ya nkhondo: Area 18 kapena Mangochi?

Aphunzitsi a mu Lilongwe, malo awiri nawa.

Chipilala cha ku Area 18 chili pakhomo, ndalama ya minibasi yokha yakwana. Chimakumbutsa asilikali athu amene anafera pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija. Koma si chakale, makoma ake sanaone atsamunda.

Ku Mangochi nkutali, mafuta ndi chakudya zikudyerani ndalama. Komatu nyumba ya Lake Malawi Museum inali kalabu ya azungu, Gymkhana Club. Chapafupi pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe inawombera sitima ya Ajeremani ku Liuli, pagombe la Nyanja ya Malawi mbali ya ku Tanzania, mu 1914. Utsamunda ndi nkhondo mwana amaziona pamodzi.

A pulayimale, Area 18 ikukwanirani. A sekondale, sonkherani ndalama mupite ku Mangochi.